KUCHOKA MU FOMU 4 KUPITA KU KOLEJI: NDANI AKULANGIZA ANA ATHU?

Nkhani imene inakambidwa pa wailesi m'nthaŵi ya zamaphunziro

Nkhani yathu lero ikuchokera ku Karonga, koma ikukhudza khomo lililonse limene lili ndi mwana ku sekondale.

Chaka ndi chaka, bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, m'midzi mumamveka nthungululu. Kholo limene linagulitsa matumba a mpunga wa Kilombero, kapena ng'ombe ya m'khola, kuti lilipire fizi, limaona kuti thukuta lake silinapite pachabe. Koma pakapita miyezi, maina a osankhidwa kupita ku yunivesite akatuluka, m'nyumba zina mumagwa chisoni. Mwana amene anakhoza bwino dzina lake palibe, pamene mnzake amene ankabwera pambuyo pake m'kalasi watengedwa. Apo mpamene pamayambira manong'onong'o. Ena amati pachitika chinyengo, ena amati mwanayo anachita kumulodza. Kaŵirikaŵiri chifukwa chenicheni chimakhala pa fomu imene mwanayo analemba yekha, popanda womulangiza, tsiku lofunsira malo.

Ine ndemwe ndinadutsa m'njira imeneyi. Fomu yanga ndinailemba tsiku lotsekera, ndipo makosi ndinachita kuonera kwa mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi. Palibe anandiuza kuti kosi imene ndinaiika pamwamba inkafuna masamu amene ine ndinalibe. Ndinatsala. Pambuyo pake ndinaloŵa koleji ya aphunzitsi, ndipo sindidandaula nayo, pakuti ndiyo inandifikitsa pano. Komabe chaka chimene ndinakhala pakhomo ndikanachipulumutsa, pakanapezeka munthu wokhala nane pansi kwa ola limodzi lokha. Chifukwa chake lero tikambirane za mmene malo amagaŵidwira, ndi za ntchito ya mlangizi.

MMENE MALO AMAGAŴIDWIRA

Yunivesite ya Malaŵi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo ophunzira oyamba analoŵa m'kalasi mu 1965 ku Chichiri, mu mzinda wa Blantyre. Kwa zaka zoposa 30 inali yokhayo m'dziko muno. Yunivesite ya Mzuzu inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Koleji ya Bunda inaima payokha mu 2012 nkukhala yunivesite ya zaulimi ndi zachilengedwe ya LUANAR. Mu 2014 kunatsegulidwa MUST, ya sayansi ndi luso, ku Ndata m'boma la Thyolo. Ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malaŵi inagaŵidwa patatu: imene inasunga dzinalo ku Zomba, MUBAS imene kale inali Polytechnic ku Blantyre, ndi KUHeS ya zaumoyo. Motero mayunivesite a boma anakwana 6.

Mwana safunsira malo ku yunivesite iliyonse payokhapayokha. Amalemba fomu imodzi kudzera ku bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la National Council for Higher Education, limene ambiri amangoti NCHE, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Pa fomupo amandandalika makosi angapo motsatira mmene akuwafunira, kuyambira imene akuifunitsitsa.

Tsono mvetsetsani mmene mapointsi amaŵerengedwera. Pa mayeso a Fomu 4, phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 kufikira 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza mwapamwamba. Kuyambira 3 kufikira 6 ndiyo kirediti. Nambala 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, ndipo 9 ndi kulephera. Kuti mwana aganiziridwe ku yunivesite ya boma, ayenera kukhala ndi makirediti 6, ndipo limodzi mwa maphunzirowo likhale Chingerezi. Manambala a maphunziro 6 amene wakhoza koposa akaphatikizidwa ndiwo mapointsi ake. Mapointsi akachepa ndiye kuti mwana wakhoza kwambiri, ndipo ochepetsetsa amene munthu angapeze ndi 6.

Mpaka apa ambiri amadziŵa. Chimene ambiri sadziŵa nchakuti kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna, kuwonjezera pa mapointsi. Tiyerekeze mwana wa ku Mpata amene wapeza 1 pa zaulimi, 2 pa bayoloje, 2 pa jogalafe, 2 pa Chicheŵa, 2 pa maphunziro a Baibulo ndi 3 pa Chingerezi. Ameneyu ali ndi mapointsi 12, ndipo mudzi wonse ukumuyamikira. Koma pa masamu wapeza 7, ndipo fizikisi ndi kemisitile anazisiya ali mu Fomu 3. Akalemba pa fomu yake udokotala, uinjiniya ndi kosi ya zamankhwala zokhazokha, watsala fomuyo isanafike nkomwe pa tebulo la osankha, pakuti makosi onseŵa amafuna kirediti ya masamu ndi ya sayansi. Mnzake wa mapointsi 20 amene anaŵerenga bwino zofunika, nalemba kosi imene maphunziro ake akugwirizana nayo, angathe kutengedwa. Pamenepa palibe ufiti kapena chinyengo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chinanso nchakuti ana oyenerera amachuluka kuposa malo. Kukwanitsa zofunika kumangomuloŵetsa mwana mumpikisano. Pa kosi imene anthu ambiri akuithamangira, osankha amayambira pa amene akhoza koposa, ndipo malo akadzaza amalekera pomwepo. Mwana wanzeru amayang'ana mapointsi amene anthu anatengedwera pa kosiyo zaka zapitazo, nadziyeza nawo moona mtima.

ZA KOTA

Ku Karonga sungakambe za malo a ku yunivesite osatchula kota. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, boma linayamba kugaŵa malo motsatira boma limene mwana amachokera. Mu 1993 Khoti Lalikulu linagamula kuti njirayi inali yosaloleka, ndipo inaleka. Inabwereranso mu 2009. Amene ankaiikira kumbuyo ankati imapatsa mwayi maboma amene anatsalira pa maphunziro. Amene ankaitsutsa, makamaka m'Chigawo cha Kumpoto, ankati mwana wa ku Karonga, Chitipa kapena Rumphi ankatsala ali ndi mapointsi abwino kuposa a mnzake wa kwina amene watengedwa. Mu February 2020 boma linalengeza kuti kota yathetsedwa.

Ndikutchula zimenezi chifukwa chakuti m'mitima ya makolo ena chilonda chija chikadalipo, ndipo ana ena amafooka asanayese nkomwe, poganiza kuti kwawo nkumene kudzawatsekereza. Tiwauze ana athu kuti nkhaniyo inasintha. Chimene chatsala m'manja mwawo ndi kukhoza bwino ndi kusankha mwanzeru, ndipo pa kusankhapo mpamene ife akuluakulu tili ndi gawo.

MMENE ANZATHU AMACHITIRA

Sukulu zingapo zotchuka za ku Karonga nza mipingo. Chaminade, ya anyamata, inayambitsidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi a Marianist a mpingo wa Katolika, ndipo inatenga dzina la William Joseph Chaminade, wansembe wa ku France amene anayambitsa chipani chawo mu 1817. St Mary's ndi ya atsikana. Sukulu zotere zimaphunzitsa mwana za m'kalasi pamodzi ndi makhalidwe ndi chikhulupiriro. Nchifukwa chake nkoyenera kuti tione mmene sukulu za chipembedzo za kwina zimakonzekeretsera ana awo.

Titenge chitsanzo cha Ayuda. Iwo ndi anthu ochepa m'maiko ambiri kumene amakhala, ndipo anamanga sukulu zawo kuti ana asataye mwambo. Abale athu amene anakhalako ku Johannesburg angakhale anamvapo za sukulu za King David, ndipo ku Cape Town kuli Herzlia. Ku America, sukulu zambiri za sekondale za Ayuda zili ndi ofesi imene ntchito yake ndi kulangiza ana za koleji basi. Mlangizi amayamba kukumana ndi mwana kukadali chaka kapena kuposerapo kuti amalize sukulu. Amaitananso makolo. Amayang'ana zotsatira za mwanayo za chaka chilichonse, namuthandiza kulemba mndandanda wa makoleji m'magulu atatu: amene ali ovuta kuloŵa koma nkotheka kuyesa, amene akulingana ndi mphamvu zake, ndi amene akudziŵa kuti sangamukane. Amamukumbutsa masiku otsekera, amamulembera kalata ya umboni, ndipo amafufuza naye kumene kungapezeke thandizo la ndalama.

Kuwonjezera apo, mlangiziyo amafunsa mafunso amene mlangizi wa sukulu wamba sangawaganizire. Myuda wosunga mwambo sagwira ntchito ndiponso salemba kuyambira dzuŵa likaloŵa Lachisanu kufikira kutada Loŵeruka. Sadya nkhumba, ndipo saphatikiza nyama ndi mkaka. Tsono mlangizi amafufuza ngati ku kolejiko kuli chakudya choyenera, ngati kuli nyumba yopemphereramo yofikika pa miyendo, ndi chimene chimachitika mayeso akagwera pa tsiku lopatulika. Amafunsanso ngati kuli Hillel, bungwe la ophunzira achiyuda limene linayamba mu 1923 pa Yunivesite ya Illinois. Ana ena amapempha kuti malo awo asungidwe kwa chaka, kuti akayambe aphunzira za chipembedzo chawo ku Israel.

Ife tilibe chuma cholembera munthu ntchito yotereyi pa sukulu iliyonse. Koma nzeru zake sizigulidwa ndi ndalama. Tingatengepo zinthu zitatu: kuyamba msanga, kusankha makosi m'magulu atatu, ndi kuganizira moyo wonse wa mwana kumene akupitako.

M'MERA MPOYAMBA

Uphungu wa koleji uyenera kuyamba mwana akamamaliza Fomu 2, pakuti mpamene amasankha maphunziro amene adzalembe pa mayeso omaliza. Mwana wa zaka 15 amene wathaŵa fizikisi chifukwa anzake amuuza kuti ndi yovuta, watseka yekha makomo a udokotala ndi uinjiniya osadziŵa. Mphunzitsi amene angaime pamaso pa kalasi nthaŵi imeneyo, nafotokoza kuti kosi yakuti imafuna maphunziro akutiakuti, wapulumutsa ana ambiri kuposa amene angadzawatonthoze zotsatira zitatuluka. Makamaka masamu ndi Chingerezi asaseŵeretsedwe. Popanda kirediti ya Chingerezi, mapointsi ena onse sathandiza, ndipo popanda ya masamu makosi ambiri amatsekeka.

Mwana akafika mu Fomu 3 ndi Fomu 4, mlangizi amuthandize kudziŵa kumene kosi iliyonse imapezeka. Udokotala, unamwino ndi zamankhwala zili ku KUHeS. Ulimi, ulimi wothirira ndi udokotala wa ziŵeto zili ku LUANAR. Uinjiniya, zamalonda ndi utolankhani zili ku MUBAS. Zamalamulo, uphunzitsi ndi maphunziro a chikhalidwe cha anthu zili ku Zomba. Ku Mzuzu kuli uphunzitsi, zankhalango, zansomba, zokopa alendo ndi unamwino. Ku MUST kuli za miyala ndi nthaka, zanyengo ndi mitundu ingapo ya uinjiniya.

Ana ambiri amadziŵa ntchito zinayi zokha: udokotala, uloya, uphunzitsi ndi unamwino. Pamene mwana wa ku Karonga sasoŵa kupita kutali kuti aone ntchito zina. Mgodi wa Kayelekera, umene unayamba kukumba miyala ya uranium mu 2009, nuima mu 2014, nutsegulidwanso mu 2025, umafuna akatswiri a miyala ndi a chilengedwe. Minda ya mpunga ya ku Hara, Wovwe ndi Lufilya imafuna odziŵa za madzi ndi nthaka. Nyanja imafuna odziŵa za nsomba. Pa chipata cha Songwe pamafunika odziŵa za msonkho ndi malonda a pakati pa maiko. Ku Chilumba, kafukufuku wa matenda amene anayamba mu 1979 pofufuza khate wakhala akugwiritsa ntchito anthu a m'labotale ndi oŵerengera. Nyumba yosungiramo zakale ya pa Boma, imene inatsegulidwa mu 2004 ndipo imaonetsa mafupa a Malawisaurus, ndi umboni wakuti ngakhale kukumba zakale ndi ntchito. Amene anaona zivomezi za mu December 2009 akudziŵa kufunika kwa anthu odziŵa kumanga nyumba zolimba. Mphunzitsi wamkulu ataitana munthu mmodzi wa ntchito zoterezi pa teremu iliyonse kuti adzayankhule ndi ana, maso a ana ambiri angatseguke.

TSIKU LOLEMBA FOMU

Tsikuli likafika, mwana asakhale yekha. Choyamba, aŵerenge chilengezo chonse cha chaka chimenecho, pakuti zofunika zimasintha, ndipo zimene mkulu wake anatsatira zaka zapitazo zingakhale zitatha ntchito. Chachiŵiri, pa kosi iliyonse imene akuifuna aike chikalata chake cha mayeso pambali, naone phunziro ndi phunziro ngati akukwanitsa. Imene sakukwanitsa aisiye, ingakhale yokoma bwanji. Chachitatu, asadzaze mipata yonse ndi makosi amene aliyense akuwathamangira. Pamwamba aike ya kumtima kwake, pakati aike zolingana ndi mapointsi ake, ndipo pomaliza aike imene mwayi wake uli waukulu, koma ikhale kosi imene angaiphunzire ndi mtima wonse akapatsidwa. Chachinayi, maina ndi nambala ya mayeso zilembedwe monga zilili pa chikalata. Chachisanu, asunge risiti ya ndalama zimene walipira, ndipo asadikire tsiku lomaliza, pakuti masiku ano zambiri zimadzera pa intaneti, ndipo inu a ku Wiliro ndi kumapiri mukudziŵa mmene netiweki imavutira.

Ndichenjezenso za anthu amene amayendayenda nkumati angathe kumupezera mwana malo mukawapatsa kangachepe. Malo a ku yunivesite ya boma sagulidwa. Wokuuzani zotero akufuna mbuzi yanu.

NDALAMA NDI MOYO WA KUMENEKO

Kusankhidwa ndi chiyambi chabe. Pali fizi, chakudya, mabuku ndi malo ogona, pakuti zipinda za pa sukulu sizikwanira onse ndipo ambiri amachita lendi kunja. Palinso ulendo. Kuchoka pa Karonga kufika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 200, kukwera mapiri a Chiweta, ndipo wopita ku Zomba, Blantyre kapena Thyolo amakhala m'basi tsiku lonse kapena usiku wonse. Banja likhale pansi nkuŵerengera zonsezi mwana asananyamuke.

Kwa ana ochokera m'mabanja osoŵa kuli bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Ngongole yake imafunsiridwa payokha, pa nthaŵi yake, ndipo siibwera yokha chifukwa chakuti mwana wasankhidwa. Mlangizi akumbutse mwana kukonzeratu chiphaso cha unzika ndi zikalata zochitira umboni za mmene banja lilili. Amuuzenso poyera kuti imeneyi ndi ngongole, yoyenera kubwezedwa akadzamaliza, kuti ang'ono ake adzapezenso thandizo.

Tsono tibwerere ku phunziro la Ayuda lija. Mwana amene wakhala zaka zinayi pa sukulu yogonera pomwepo, kumene belu limamudzutsa, kumuitanira ku mapemphero ndi kumugoneka, amakafika kumalo kumene kulibe womuyang'anira. Ena amasokonezekera pomwepo. Nkwabwino kuti asananyamuke adziŵe kumene akapeze anzake a chikhulupiriro chimodzi, monga a SCOM, a magulu a ophunzira achikatolika, kapena a ophunzira achisilamu. Wa mpingo wa Seventh-day Adventist afunsiretu za makalasi ndi mayeso a Loŵeruka. Msilamu afunsiretu za chakudya ndi za malo oswalira. Ndipo mwana amene wakula akuyankhula Kyangonde kapena Chitumbuka auzidwe kuti kuchita manyazi ndi chilankhulo cha kwawo nkosafunika, koma aphunzire kukhala bwino ndi anzake a mitundu yonse.

NJIRA SI IMODZI

Mlangizi wabwino samaliza ntchito yake ndi ana okhawo amene apita ku yunivesite ya boma. Ambiri sapita, ndipo nawonso ndi ana athu. Pa Karonga pomwepo pali koleji ya aphunzitsi a pulayimale. Ku Ngara kuli koleji ya ntchito zamanja imene inatsegulidwa mu 2015, ndipo pafupi ndi Chaminade pali Miracle, kumene achinyamata amaphunzira luso losiyanasiyana. Maphunziro otere amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999. Wofuna zaumoyo angafunsire ku makoleji a mipingo monga a ku Ekwendeni ndi St John's ku Mzuzu. Wofuna uphunzitsi wa sekondale aganizire za Domasi ndi Nalikule. Kulinso mayunivesite a mipingo, monga Yunivesite ya Livingstonia imene Sinodi ya Livingstonia inatsegula mu 2003, ndi ya Katolika imene inatsegulidwa mu 2006 ku Nguludi. Musanalipire ndalama ku koleji iliyonse imene si ya boma, tsimikizani kuti kolejiyo ndi kosi yakeyo nzovomerezedwa ndi NCHE, kuopa kuti mwana angataye zaka zinayi pa pepala limene olemba ntchito sadzalilandira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwana amene wagwa pa phunziro limodzi lofunika angathe kubwereza mayeso. Amene wayambira pa dipuloma angathe kudzapitiriza kufikira digiri atagwirako ntchito. Tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha.

MAWU KWA MAKOLO NDI APHUNZITSI

Kwa inu makolo, mwana si munda wobzalamo zimene inu munalephera kukolola. Mufunseni chimene mtima wake ukufuna, mufunsenso aphunzitsi ake chimene mutu wake ungathe, ndipo muyanjanitse ziŵirizo. Mwana wamkazi mumupatse mpata wofanana ndi wa mlongo wake. Musamuuze kuti uinjiniya ngwa amuna, ndipo musamvere ofunsira mbeta pa miyezi imene akudikira zotsatira.

Kwa inu aphunzitsi aakulu, makamaka a sukulu zoyendera za m'midzi kumene kulibe nyuzipepala kapena kompyuta, sankhani mphunzitsi mmodzi woleza mtima kuti akhale mlangizi, ndipo mumuchepetsereko ntchito zina. Akhale ndi kope lolembamo dzina la mwana aliyense wa Fomu 3 ndi Fomu 4, maphunziro ake, chimene akufuna kudzakhala, ndi nambala ya foni ya kholo. Zotsatira zikatuluka, sukulu iitane ana ake onse tsiku limodzi kuti adzalembere mafomu pamodzi. Ana akale a sukuluyo amene ali ku koleji, akabwera ku tchuthi, apatsidwe mpata woyankhula ndi ang'ono awo. Mafumu, abusa, ansembe ndi mashehe angathandize polengeza masiku otsekera pa misonkhano ndi m'nyumba zopemphereramo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ngati pa sukulu panu pali njira ina imene yathandiza ana, tilembereni kuti tidzaiŵerenge m'pologalamu ino, ena atengerepo phunziro. Kwa lero tilekere pomwepa.